MTR, kapulogalamu koonetsa pamene intaneti ikuchedwera ndi pamene ikutayira mapaketi

Pa zida zonse zoyezera intaneti zimene ndagwiritsapo ntchito, MTR ndi imene sindingalole kuti isowe m'kompyuta mwanga. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ilibe zithunzi zokopa maso, ndipo woiona koyamba amangoona manambala akusinthasintha pa sikirini yakuda. Koma imachita chinthu chimene zida zambiri zokongola sizichita: pa rauta iliyonse (chipangizo chopititsa uthenga patsogolo) imene uthenga wanu wadutsapo, imaika pa mzere umodzi nthawi imene paketi (kachidutswa kakang'ono ka uthengawo) yatenga kupita ndi kubwera, ndi kuchuluka kwa mapaketi amene sanabwerere. Ziwirizi ukamaziona padera zimasocheretsa. Ukaziona pamodzi m'pamene umadziwa chimene chikudwala.

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza netiweki m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo dandaulo limene limandivuta si lakuti intaneti yathima. Ikathima, aliyense amadziwa koyambira. Lovuta ndi lija lakuti, "Ilipo, koma sikuyenda bwino." Munthu watsegula tsamba loyezera liwiro, laonetsa ma megabit ambirimbiri, komabe pa msonkhano wa pa vidiyo mawu akudukaduka, nkhope ya mnzake yaima, ikadzayambanso kuyenda onse awiri akulankhula nthawi imodzi. Masamba ena oyezera liwiro masiku ano amaonetsanso ping (nthawi yopita ndi kubwera) ndi jitter (kusinthasintha kwa nthawiyo), n'zoona, koma amakupatsani nambala imodzi ya ulendo wonse. Sanena kuti vutolo layambira pa Wi-Fi ya m'nyumba, pa nthambo yopita ku kampani ya intaneti, kapena kutsidya kwa nyanja.

MTR inalembedwa ndi Matt Kimball mu 1997, ndipo kuyambira mu 1998 wakhala akuisamalira ndi Roger Wolff. Inaphatikiza ntchito za zida ziwiri zakale, ping imene Mike Muuss analemba mu 1983, ndi traceroute ya Van Jacobson ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Nzeru yake njosavuta kumva. Paketi iliyonse imanyamula kanambala kotchedwa TTL, ndipo rauta iliyonse imachotsapo 1 isanaipititse patsogolo. Kanambalako kakafika pa 0, rautayo imataya paketiyo n'kubweza uthenga kwa amene anaitumiza. MTR imapezerapo mwayi. Imatumiza paketi ya TTL 1, rauta yoyamba n'kuyankha. Ya TTL 2, yachiwiri n'kuyankha. Motero mpaka kukafika ku seva imene mukufuna. Traceroute imayenda ulendowu kamodzi n'kusiya. MTR imaubwereza sekondi iliyonse mpaka mutaiuza kuti ileke, ndipo kubwerezako ndiko kumaulula zimene zimabwera n'kupita.

Kuiika sikutenga nthawi. Pa Linux ya Debian ndi Ubuntu imapezeka ndi dzina lakuti mtr-tiny, pa macOS imabwera kudzera mu Homebrew, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, koma imafuna sudo, lamulo lopereka mphamvu za woyang'anira kompyuta, ndipo a Windows ali ndi pulogalamu ina yogwira ntchito yofanana, WinMTR.

Mukalemba mtr ndi dzina la seva, pamatuluka mndandanda wa marauta kuchokera pa yanu ya m'nyumba kutsika m'munsi. Kumanja kwa dzina lililonse kuli Loss%, gawo la mapaketi otayika. Snt, amene atumizidwa. Last, nthawi ya paketi yomaliza. Avg, nthawi ya pakatikati. Best ndi Wrst, yofulumira kwambiri ndi yochedwa kwambiri. Ndi StDev, imene imasonyeza kuti nthawizo zikumwazikana motani. Anthu ambiri maso awo amathamangira pa Loss% ndi Avg. Ine ndimayamba ndi Best ndi Wrst. Best imandiuza kutalika kwenikweni kwa njira pamene palibe chotchinga. Wrst imandiuza kuti paketi inadikira nthawi yaitali bwanji pa mzere. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndiwo umandiuza ngati kutayika kwa mapaketi kuli pafupi, ngakhale Loss% ikadali pa 0.

Chifukwa chake n'chakuti kuchedwa ndi kutayika nthawi zambiri zimachokera pamalo amodzi. Rauta iliyonse ili ndi malo osungira mapaketi amene afika koma sanapeze mpata wotuluka. Zili ngati kuthira madzi m'botolo kudzera m'fanulo: mukathira mofulumira kuposa mmene akutsikira, amayamba adzaza kaye m'fanulomo, ndipo pokhapokha atafika m'milomo m'pamene amasefukira pansi. Kudzazako ndiko kuchedwa, kusefukirako ndiko kutayika. Choncho pa njira yothinana, nthawi imakwera poyamba, mapaketi n'kuyamba kutayika pambuyo. MTR imaonetsa zimenezi zikuchitika, maso akuona.

Mayeso amene ndimakonda ndi awa. Ndimasiya MTR ikuyenda pa windo limodzi, pa lina n'kuyamba kukweza fayilo yaikulu, monga vidiyo, kupita pa intaneti. Mu ofesi ina ya anthu owerengera ndalama, mzere wachiwiri, womwe ndi rauta yoyamba ya kampani yawo ya intaneti, unkayankha pa 20 ms ndi kakuti (1,000 ms ndi sekondi imodzi) pamene palibe akukweza kanthu. Fayilo itangoyamba kukwera, Last inayamba kulumpha: 150, 300, 600, n'kukaima cha pa 800 ms. Mizere yonse ya m'munsi mwake inakwera nayo mofanana. Loss% inakhalabe pa 0 kwa kanthawi, kenako inayamba kusuntha. Fayilo itatha, zonse zinabwerera mwakale m'masekondi ochepa. Mzere woyamba, wa rauta ya mu ofesi momo, sunagwedezeke n'komwe. Pamenepo panalibenso zokangana. Mzere wa mapaketi unkaunjikana pa khomo lotulukira, ndipo ankauyambitsa ndi makompyuta awo omwe, amene ankatumiza makope a mafayilo ku seva yakutali masana, nthawi imene ena ali pa misonkhano.

Vuto limeneli lili ndi dzina, bufferbloat, limene Jim Gettys analitchukitsa cha mu 2010. Opanga zipangizo ankaganiza kuti kutaya paketi ndi tchimo lalikulu, ndiye anakulitsa malo osungirawo. Koma werengani nokha: malo a megabyte imodzi pa njira yokweza ma megabit 10 pa sekondi, akadzaza, paketi yofika kumapeto imadikira 800 ms isanatuluke. Sinatayike, koma kwa munthu amene ali pa foni yafika ntchito yake itatha kale. Choipa china n'chakuti TCP, dongosolo limene makompyuta amatumizirana nalo masamba ndi mafayilo, imadalira kutayika kwa paketi kuti idziwe kuti yathamanga mopitirira. Ikapanda kuona chotayika imangoonjezera liwiro, mzere n'kumatalikabe. N'chifukwa chake CoDel, njira yoyendetsera mzere wa mapaketi mu rauta imene Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa mu 2012, imataya mapaketi ochepa mwadala, mofulumira, ikaona kuti kudikira kwapitirira 5 ms kwa nthawi yotalikirapo. Mu ofesi ija ndinaika rauta yoyendera pulogalamu ya OpenWrt, ndinayatsa SQM (gawo lake loyendetsa mzere wa mapaketi) ndi CAKE (njira ina yochokera ku CoDel), n'kuika malire pansi pang'ono pa liwiro lenileni la nthambo yawo. Fayilo yomweyo ikukwera, Wrst sinapitirirenso patali ndi Best, ndipo madandaulo a pa misonkhano anatha. Apa pali phunziro limene MTR inandithandiza kuonetsa eni ofesi pa sikirini: 0 pa Loss% si umboni wakuti njira ili bwino.

Si kuchedwa konse kumene kuli matenda, ndipo MTR imathandiza kusiyanitsa. Kuwala m'nthambo ya fiber kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti makilomita 1,000 alionse amadya pafupifupi 10 ms kupita ndi kubwera, zipangizo zisanaonjezerepo zawo. Setilaiti ya mtundu wakale, yokhala pa makilomita 35,786 pamwamba pa dziko, imapereka pafupifupi 600 ms ngakhale njira ili mbee. Pa MTR kuchedwa kwa mtunda kumadziwika msanga. Nthawi imalumpha kamodzi pakati pa mizere iwiri, mwina kuchoka pa 30 kufika pa 170, n'kukhazikika pomwepo. Best ndi Avg zimayandikana, StDev imakhala yaing'ono, ndipo mayina a marautawo kawirikawiri amakhala ndi zilembo za mizinda, monga lhr ya London kapena fra ya Frankfurt. Pamenepo palibe woti n'kumudandaulira. Nyanja ndi yaikulu basi.

Komabe mtunda ndi kutayika zikakumana, chimodzi chimakulitsa ululu wa chinzake, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti kuika ziwirizi pa mzere umodzi kunali kuganiza bwino. TCP ikataya paketi imachepetsa liwiro, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, sitepe imodzi pa ulendo uliwonse wopita ndi kubwera. Ulendo ukakhala wautali, kukwerako kumachedwanso. Matt Mathis ndi anzake mu 1997 anaika zimenezi m'masamu: liwiro la kulumikizana kumodzi limatsika molingana ndi kutalika kwa nthawi ya ulendo, ndiponso molingana ndi square root ya gawo la mapaketi otayika (kutayika kukachuluka kanayi, liwiro limatsika ndi theka). Titenge mapaketi a ma byte 1,460 ndi kutayika kwa paketi 1 pa 100 alionse. Seva ikakhala pa 20 ms, malire ake ndi pafupifupi ma megabit 7 pa sekondi. Ikakhala pa 200 ms, amatsika kufika pafupifupi 0.7. Nthambo ndi yomweyo, kutayika n'kofanana, koma liwiro lachepa kakhumi. Masamuwa anapangidwira TCP yakale. Njira zatsopano za TCP monga CUBIC imene Linux imagwiritsa ntchito kuyambira mu 2006 ndi BBR ya Google ya mu 2016 zinafewetsako nkhaniyi, koma sizinaithetse. Ndiye munthu akamati masamba apafupi akutseguka bwino pamene fayilo yochokera kutali ikukwawa, sakunama, ndipo 1% imene ena amainyoza ikhoza kukhala gwero lake.

Kumene TCP inatengera khalidwe lobwerera m'mbuyo ikataya paketi kumandisangalatsa nthawi zonse ndikakumbukira. Mu October 1986, njira ya pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo otalikirana mamita mazana ochepa chabe, inatsika kuchoka pa ma bit 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Makompyuta ankatumizanso mapaketi otayika mosaleza mtima, n'kumaonjezera kuthinana kumene kunawatayitsa. Van Jacobson yemwe uja ndiye anakonza, ndipo zimene analemba mu 1988 zidakali maziko a mmene intaneti imadziletsera.

Pa mawu ndi vidiyo ya nthawi yomweyo nkhani imasiyanako. Kumeneko kudikira kuti paketi yotayika itumizidwenso kulibe phindu kwenikweni. Pulogalamu imasunga mawu kwa kanthawi kochepa kuti iwasanje bwino, ndipo paketi yofika nthawiyo itadutsa imangotayidwa ngati kuti sinafike. Bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi mauthenga pa dziko lonse, m'malangizo ake a G.114, limati kukambirana kumayenda bwino ngati mawu safika mochedwa kupitirira 150 ms mbali imodzi. N'chifukwa chake ndimayang'anitsitsa StDev. Wi-Fi ndi netiweki za mafoni zimabisa kutayika kwawo potumizanso zimene zaonongeka mumlengalenga, kompyuta yanu isanadziwe. Loss% imaoneka yoyera, koma nthawi zimadumphadumpha. Ndikaona mzere woyamba, rauta ya m'chipinda chomwecho, ukupereka 2 ms, kenako 90, kenako 4, kenako 200, sindiimbiranso kampani ya intaneti. Ndimatenga nthambo, kulumikiza kompyuta ku rauta, n'kuyezanso. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Pali kabatani kamene ambiri sakadziwa. MTR ikuyenda, mukadina d, manambala amachoka n'kubwera mizere ya timadontho, kadontho kalikonse kuimira paketi imene yayankhidwa, ndipo chizindikiro cha funso kuimira yotayika. Apa mumaona chimene peresenti imabisa. Mafunso omwazikana apo ndi apo amaloza ku nthambo yoonongeka, polumikizira polowa madzi, kapena mafunde ofooka. Mafunso khumi ondondozana, oima pa malo amodzi m'mizere yonse ya m'munsi, amaloza ku chipangizo chimene chinaduka kwa masekondi angapo kapena njira imene inasintha. Zonse ziwiri zikhoza kupereka 2% yofanana, koma wokonza amapita ndi zida zosiyana.

Tsopano zimene sindikondwera nazo, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Chachikulu n'chakuti MTR imaonetsa kutayika kumene kulibe, ndipo sichenjeza. Mupeza mzere wachisanu ukunena 60%, wachisanu ndi chimodzi 0%, womaliza 0%. Woona koyamba mtima umamuthamanga, n'kuyamba kuloza chala mwini rautayo. Koma mapaketi opita ku mizere ya m'munsi anadutsa pa rauta yomweyo, ndipo onse anafika. Chimene chachitika n'chakuti marauta akuluakulu amapititsa mapaketi a anthu pa zipangizo zachangu, pamene kuyankha mafunso onena za iwo eni kumagwera ku purosesa imene ili ndi ntchito zina zofunika. Eni ake amaika malire pa mayankho oterewa, ena amawatsekeratu, n'chifukwa chake mizere ina imangoonetsa ???. Chimodzimodzi ndi nthawi: mzere umodzi wapakati ukhoza kuonetsa 150 ms pamene wotsatira ukuonetsa 40. Lamulo langa n'lakuti MTR iwerengedwe kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Ngati mzere womaliza uli bwino, zapakatizo zisakuvuteni. Ngati mzere womaliza ukutaya, kwerani mpaka mupeze pamene kutayikako kunayambira n'kupitirira osadukiza mpaka pansi. Ndikanakonda pulogalamuyi ikanamaika chizindikiro pa mizere yokayikitsayi, chifukwa ndaona makalata ambiri aukali olembedwa pa umboni wopanda pake, ndipo amisiri a mbali inayo akalandira oterowo amasiya kumvetsera ngakhale dandaulo lenileni.

Chachiwiri, imaona njira yopita yokha. Nthawi iliyonse imene yalembedwa ndi ya kupita ndi kubwera, koma mayankho akhoza kubwerera njira ina, kudzera m'makampani ena, ndipo njira imeneyo pa sikirini sipaoneka. Kuthinana kwa pobwerera kumaoneka ngati kwa popita. Mankhwala ake n'kupempha wa mbali inayo kuti nayenso ayendetse MTR kuloza kwa inu, mukhale ndi malipoti awiri. Pa seva imene si yanu, zimenezi sizitheka kawirikawiri.

Chachitatu n'chokhudza mtundu wa mapaketi. Ikangoyambitsidwa popanda zoonjezera, MTR imatumiza mapaketi a mtundu wa ICMP, ofanana ndi a ping, pamene masamba ndi mafayilo anu amayenda pa TCP kapena UDP, ndipo netiweki zina zimasamalira mitunduyi mosiyana. Mwayi wake pali -T yotumizira TCP, -u ya UDP, ndi -P yosankhira port (nambala ya khomo lolowera pa seva), choncho ndikakayika ndimayezanso ndi -T -P 443 kuti ndifanane ndi mmene msakatuli amayendera. Dziwaninso kuti pa rauta ya fq_codel (mtundu wina wa CoDel) kapena CAKE, timapaketi tapatalipatali ngati ta MTR timapatsidwa mpata patsogolo pa mafayilo aakulu, ndiye manambala ake amafanana ndi zimene foni ingaone, osati zimene fayilo yaikuluyo ikuona.

China, MTR siilemetsa njira. Paketi imodzi pa sekondi ku rauta iliyonse ndi katundu wochepa kwambiri, moti mukaiyendetsa pa njira yopanda anthu zonse zimaoneka bwino. Katunduyo muyenera kumuika nokha, kapena kuyeza pa nthawi imene vuto limachitika, makamaka madzulo pamene anthu ambiri ali pa mavidiyo. Siisunganso mbiri ya masiku kapena kujambula magalafu. Wofuna kuona mmene njira yakhalira sabata yonse ayang'ane SmokePing kapena PingPlotter, zimene zinapangidwira ntchito imeneyo.

Kodi ndi ya yani? Aliyense amene ntchito yake imadalira misonkhano ya pa vidiyo, amene amasewera magemu a pa intaneti, kapena amene amasamalira netiweki ya anthu ena, aiike. Amene saopa kulemba lamulo limodzi pa sikirini yakuda adzaizolowera tsiku lomwelo. Chotenga nthawi n'kuphunzira kusakhulupirira mizere yapakati. Phindu lake lalikulu kwa ine ndimaliona polankhula ndi makampani a intaneti. Ukaimba n'kunena kuti intaneti ikuchedwa, amakuuza kuti uzimitse rauta n'kuyatsanso. Ukatumiza lipoti loonetsa kuti rauta yako ili pa 1 ms popanda chotayika, koma kuyambira pa mzere wachitatu, womwe ndi wawo, nthawi imakwera ndi kutayika kumayamba madzulo alionse n'kupitirira mpaka pansi, nkhaniyo imafika kwa amisiri.

Polemba lipoti lotere samalani ndi chinthu chimodzi. Mukaika -r yokha, MTR imatumiza maulendo 10 basi n'kusiya. Pa mapaketi 10, imodzi ikatayika imaoneka ngati 10%, ndipo ngati kutayika kwenikweni ndi 1%, mwayi wakuti musaone chilichonse ndi pafupifupi 9 pa 10. Ine ndimalemba mtr -rwzb -c 600 ndi dzina la seva, zimene zimatenga pafupifupi mphindi 10. Chilembo w chimasiya mayina a marauta athunthu, b imaonetsa dzina ndi adiresi ya IP pamodzi, ndipo z imaika nambala ya AS, yozindikiritsa netiweki ya kampani iliyonse, pa mzere uliwonse, kuti padziwike pamene netiweki ya kampani imodzi yathera ndi pamene ya ina yayambira. Ndimayeza kompyuta ili pa nthambo, osati pa Wi-Fi, kamodzi m'mawa njira ili yopepuka ndi kamodzi pa nthawi ya vuto, ndipo pamwamba pa lipoti lililonse ndimalembapo tsiku ndi ola.